Wakutsina Khutu Ndi Mnansi, Nanga Sipeya Ili Kuti?

Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ankanena za munthu amene wakupatula pagulu n'kukunong'oneza kuti, "Achimwene, njira ya kudambo ija musadzerenso, kwaoneka mapazi a nyalugwe." Kutsinako kumawawa, koma ukamva umangosintha njira, nkhani yathera pomwepo. Mwambiwu unkagwira ntchito chifukwa mnansi ankadziwa kumene kuli khutu lako, komanso njira ina yodzera inalipo. Makolowo sanaganizireko za munthu wogona ku Machinjiri, wogwira ntchito ku Limbe, amene mnansi wake ndi kampani ya ku Japan.

Makampani opanga galimoto nawo ali ndi katsinidwe kawo. Akazindikira kuti galimoto zimene anagulitsa zili ndi chilema choti chingaphe munthu, amalengeza kuti eni ake apite nazo kwa madila zikakonzedwe ulere. Iwo amati recall. Kutsina kwakukulu kuposa konse m'mbiri ya galimoto ndi kwa ma airbag a kampani ya Takata, matumba aja obisika m'chiwongolero ndi m'dashibodi amene amafufuma pa ngozi kuti mutu usakamenye chitsulo. Honda inayamba mu 2008 ndi galimoto pafupifupi 4,000 zokha. Nkhani inakula mpaka kukhudza ma airbag pafupifupi 100 miliyoni padziko lonse, 67 miliyoni mwa iwo ku America kokha, ndipo inalibe tsankho: Toyota, Nissan, Mazda, Subaru, BMW, Ford, onse anagweramo. Takata inavomera mlandu ku America mu 2017, inalipitsidwa madola 1 biliyoni, ndipo mu June chaka chomwecho inagwa.

Kuti thumba lifufume kusanathe kuphethira kwa diso, kumbuyo kwake kumakhala kachitini kachitsulo, inflator, kokhala ndi mankhwala amene amayaka n'kutulutsa mpweya. A Takata anasankha mankhwala otchipa otchedwa ammonium nitrate. Mlimi aliyense amawadziwa amenewa, ndi omwe ali m'feteleza wa CAN. Chaka chonse timalira kuti feteleza wakwera mtengo, chikhalirecho wina tikuyenda naye pamphuno. Mankhwalawa akakhala zaka zambiri kumalo otentha ndi achinyezi amawonongeka, ndiye tsiku la ngozi amayaka mwaukali wopyola muyeso. Kachitini kamaphulika, zidutswa zachitsulo n'kulunjika kumaso ndi pakhosi pa munthu yemwe uja thumba limati limuteteze. Anthu oposa 30 afa motero, ena pa ngozi zazing'ono zoti akanatuluka n'kuyamba kukangana za amene walakwa. Ku Orlando, ku Florida, mu 2014, apolisi ataona mabala a pakhosi pa mayi wina m'Honda Accord yake anayamba kufunafuna achiwembu omubaya ndi mpeni. Kalata yomuchenjeza inafika kunyumba kwake patatha sabata atamwalira.

Ameneyo kalata inamupeza mochedwa. Ife siitipeza n'komwe. Ma Vitz, ma Fit ndi ma Demio amene amathithikana mumsewu wa Masauko Chipembere m'mawa uliwonse anabwera atapuma kale ntchito ku Japan, ambiri anatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kampani ikafuna kuchenjeza imalembera munthu amene ali m'kaundula wa kwawoko, bambo wina wa ku Nagoya amene anagulitsa galimotoyo kalekale ndipo sakumbukira ngakhale mtundu wake. Khutu lotsinidwa lili ku Nagoya, khosi lili ku Bangwe. Boma la Japan, kuyambira May 2018, linayamba kukana kupereka chiphaso choyendera pamsewu kwa galimoto zoopsa kwambiri zimene sizinakonzedwe, koma zambiri zinali zitawoloka kale nyanja. Kuno nthawi ya COF ikakwana timada nkhawa ndi mabuleki, matayala ndi nyali, mwinanso kubwereka tayala labwino kwa mnzathu kwa tsiku limodzi. Za kachitini ka m'chiwongolero sitiganizako.

Ine ndimamukayikira mayi uja amene amalankhula Chijapani tikangoliza galimoto m'mawa. Odziwa amati amangodandaula kuti khadi yolipirira misewu ya kwawo mulibe. Koma zikanakhala kuti zaka zonsezi wakhala akunena kuti "tsikani msanga", akanadziwa ndani? Ife timangomuyankha kuti tadzuka bwino, kaya inu mayi.

Mnansi wapafupi analipo ndithu. Mu 2024 bungwe la COMESA Competition Commission, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe konkuno, linachenjeza anthu za ma airbag amenewa poona kuchuluka kwa galimoto zakale zochokera kunja m'mayiko athu ano. Chaka chomwecho Toyota ku America inauza eni galimoto pafupifupi 50,000, kuphatikizapo Corolla za 2003 ndi 2004, kuti asaziyendetsenso mpaka zitakonzedwa. Kuno Corolla ya 2004 ikadali yonyamula mkwatibwi Loweruka, ataimangirira maliboni.

Mmodzi mwa anthu ochepa amene anamva kutsinako ndi alamu anga a ku Chilomoni, munthu wowerenga chilichonse, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa. Anakopera nambala ya chasisi pa buluu buku, n'kuilemba pa tsamba la kampani pa intaneti, foni n'kuwamasulira Chijapanicho. Galimoto yawo inali pa mndandanda, mbali ya wokwera. Anapita kwa madila ena mumzinda muno. Anawalandira bwino, mpando wawofuwofu, madzi ozizira.

"Zoonadi bwana, galimoto yanuyi ikufunika kusintha inflator. Ndi ntchito yochepa, ndipo simulipira kanthu."

"Chabwino, ndidikira pompano."

"Ayi bwana, sipeya yake kulibe. Tiitanitsa."

"Ifika liti?"

"Tikuimbirani."

"Nanga pakadali pano ndiziyenda nayo?"

"Muziyenda nayo mosamala, bwana. Musachite ngozi."

Malangizo abwino kwabasi. Alamu anatuluka atatsimikiza mtima kuti sachita ngozi, koma anaiwala kufunsa ngati uthengawu waperekedwanso kwa oyendetsa minibasi a pa Chemusa ndi akabaza a pa Ginnery Corner.

Madilawo tisawanamizire zonse. Kusowa kwa masipeya amenewa linali vuto la dziko lonse lapansi, chifukwa panalibe mafakitale otha kupanga mamiliyoni a tizitini nthawi imodzi. Ku America anachita kuika mzere, kuyamba ndi galimoto zakale za m'madera otentha ndi achinyezi, ndipo ena anangowaikira kachitini katsopano ka mtundu womwewo kuti adzabwerenso kolimba kakadzapezeka. Komanso inflator imawerengedwa m'gulu la katundu woopsa, situmizidwa ngati phukusi wamba. Pamwamba pa zimenezo thiranipo zathu: dziko lopanda doko, kontena yodikira ku Beira kapena ku Durban, ndalama zakunja zosowa, kwacha yogwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kampani ikakhala pamzere ku banki kupempha madola, sindikhulupirira kuti pamwamba pa mndandanda wake pamakhala sipeya yaulere ya galimoto imene inagulidwa kwina. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Kachitini kokha ndi kamene sikazimva.

Alamu anawerenganso kuti mu 2014 Toyota ku America, podikira masipeya, inkauza madila kuti azimitse airbag ya wokwera n'kumata kapepala kolembedwa kuti pasakhale munthu. Iwo anagamula kuti kutsogolo sikukhalanso aliyense. Apa m'pamene mwambi unakumana ndi mwambo.

Mpando wakutsogolo kuno si malo okhala chabe, ndi udindo. Achemwali anga atauzidwa kuti azikhala kumbuyo anangofunsa funso limodzi: "Bambo a Chisomo, ndiye kuti mpandowu mwasungira ndani?" Anthu a ku Chilomoni ataona mayi wapanyumba ali kumbuyo, kutsogolo kuli mbee, anamaliza okha kuti banja lagwedezeka. Sipanatenge nthawi ankhoswe anatulukira Lamlungu masana, osaitanidwa, nkhope zili ndwii, ndipo alamu anavutika kufotokozera akuluakulu awiri ovala majekete kuti gwero la nkhani yonse ndi feteleza wa m'dashibodi. Ankhoswe anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti milandu ya mabanja aweruza yambiri koma bodza lotere n'koyamba kulimva.

Kenako kunabwera apongozi kuchokera ku Thyolo, ofunika kukawatenga ku depoti ya Limbe. Kuwaika kumbuyo pamodzi ndi thumba la nthochi ndi nkhuku yomanga miyendo n'chipongwe choti chidzakambidwa pamaliro aliwonse kwa zaka khumi. Kuwaika kutsogolo, iwe ukudziwa chimene chili m'dashibodi, ndi nkhani ina, ndipo china chitachitika palibe wa ku Thyolo amene angakhulupirire kuti sunachite dala. Alamu anasankha chipongwe. Abusa nawo, atapempha kuti awasiye pa Zingwangwa mapemphero atatha, anali atatsegula kale chitseko chakutsogolo. Atamva nkhani yonse anasanjika dzanja pa dashibodi, n'kudzudzula mzimu uliwonse wa kuphulika, kenako anakakhala kumbuyo.

Alangizi sanasowe. Makaniko wina wa ku Ndirande, wodziwa ntchito yake pa zina zonse, anaseka. "Biggie, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Tingodula waya, tiikepo rezisita, nyali ya pa dashibodi siyakanso." Kwa iye vuto la galimoto ndi nyali imene yayaka, ukaizimitsa wachiritsa. Koma chilema cha Takata sichiyatsa nyali iliyonse, ndipo akatswiri a zachitetezo cha pamsewu amaletsa kudula mawaya a airbag mwachisawawa, poti pa ngozi zambiri thumba lomwelo ndi limene limapulumutsa munthu. Wogulitsa masipeya ku Limbe ndiye anawalandira ndi manja awiri. "Ilipo madala, orijino, ya ku Japan, tachotsa m'galimoto yofanana ndi yanuyo." Ankanena zoona. Inali ya chaka chomwecho, ya Takata yemweyo, ndipo inali itakhala padenga la shopu dzuwa la Okutobala ndi mvula ya Januwale zikuipeza pomwepo. Alamu akanalipira ndalama zambiri kugula chimene anali nacho kale, chokhwima kuposa chawo.

Panatsala kuiimika galimotoyo. Apa sindiseka: chilema chikakhala mbali ya dalaivala ndipo kampani yanena kuti musayendetse, imikani, chifukwa mpando wa dalaivala sungasiyidwe wopanda munthu. Kungoti amene analemba malangizowo ankaganiza za munthu amene madila amubwereka galimoto ina podikira, monga zinkachitikira kwa ena ku America. Alamu anabwerekedwa miyendo yawo yomwe. Kuchoka ku Chilomoni kupita ku Limbe ndi minibasi ziwiri, anayi anayi pampando, chitseko chogwiridwa ndi kondakitala. Ubwino wake umodzi, minibasi zambiri zakale zilibe vuto la Takata poti zilibe airbag n'komwe. Kabaza wa njinga yamoto alinso chimodzimodzi, ndipo chipewa chake chimodzi chimakhala pachigongono. Alamu anakhala pansi ndi cholembera kuwerengetsera kuti mwa imfa zitatuzi yotchipa ndi iti. Nthawi yokha imene ankagona tulo tabwino ndi ya mizere ya mafuta, chifukwa galimoto yogona pa filing'i siteshoni siphulitsa airbag.

Ku South Africa, Ford Kuga zitayamba kupsa m'misewu, bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission linakakamiza mpaka kampani inaitanitsa galimoto 4,556 mu January 2017, ndipo mu 2019 inalipitsidwa marandi 35 miliyoni. Kumeneko wotsina naye ali ndi womutsina akazengereza. Kuno munthu wochenjezedwa amatsala yekha ndi khutu lofiira, kumaimba foni mwaulemu kufunsa ngati katundu wafika, n'kumauzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene angachite n'kuonetsetsa kuti dzina lake, nambala ya foni ndi ya chasisi zalembedwa kwa madila, kusunga pepala losonyeza kuti anapitako, kumanga lamba, ndi kusatopa kuimba.

Alamu anatopa. Patapita miyezi, chithunzi cha galimoto ija chinaoneka pa Facebook itatsukidwa mpaka matayala: yosamalidwa bwino, yosachitapo ngozi, mpando wakutsogolo ukadali watsopano. Palibe bodza limene analemba. Wogula anabwera, anamvetsera injini, anamenya matayala ndi phazi, anayesa wailesi. Za airbag sanafunse, alamu nawo sanafune kumutopetsa ndi nkhani zambiri. Munthu amene anakwiyira dziko lonse la Japan chifukwa chosamuchenjeza analandira ndalama, n'kuwerenga kawiri, n'kutsanzika.

Foni ya madila inadzalira ndithu. "Bwana, sipeya ija yafika, mubwere nayo galimoto." Alamu chikumbumtima chinawagwira, poti buluu buku inali ikadali m'dzina lawo, ndipo anasakasaka nambala ya wogula uja mpaka anaipeza.

"Galimoto ija? Aaa, ndinagulitsa kale, akulu. Anatenga m'bale wina wa ku Nchalo, akupangira takisi. Akuti ikuyenda bwino kwambiri, kutsogolo akumakweza awiri."