Mapapo a Bambo Wamba ndi Shati Yake Yoyera

Akatswiri a kaganizidwe ka anthu akhala akufufuza kwa nthawi yaitali chimene chimachititsa munthu kuteteza thanzi lake, ndipo mmodzi mwa iwo, Ronald Rogers wa ku America, anafotokoza mu 1975 kuti munthu amayamba wayeza kukula kwa ngozi ndi mwayi woti imugwere, kenako n'kuona ngati njira yodzitetezera ingathandizedi. Maganizo amenewa ndi omveka bwino, koma amapunthwa akafika pa nkhani ya mpweya woipa ndi bambo wamba wa mumzinda wa Blantyre, amene chitsanzo chake chokwanira, ngakhale chosanyaditsa, ndi mlembi wa danga lino.

Ngozi yake ndi tizidutswa ta utsi ndi fumbi totchedwa PM2.5, tomwe ndi tating'ono kwambiri moti tsitsi limodzi la munthu limanenepa kuposa kachidutswa kamodzi pafupifupi maulendo 30. Timalowa mkatikati mwa mapapo mpaka m'magazi, ndipo timathandizira kuyambitsa chibayo, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba, wochokera ku nkhuni, makala ndi zina zophikira, unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni. Bambo wamba amawerenga zimenezi pafoni ali pampando wakumbuyo wa minibasi, utsi wa ekizozi ukulowera pawindo losatsekeka, ndipo amapukusa mutu mwachisoni poganizira anthu akutaliwo. Akafika kunyumba amayatsa dzala lodzaza majumbo, mabotolo apulasitiki ndi matewera, n'kuima pomwepo ndi kamtengo, kutembenuza zinyalala mwaluso kuti moto usazime. Chifuwa chikamugwira usiku, mlandu umagwera Chiperoni.

Umboni woyamba wa chimene chimamudzutsa unaoneka mu Ogasiti 2020, pamene boma linalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu chifukwa cha Covid-19, ndipo wosamvera azilipira chindapusa cha K10,000. Munthu yemweyo, amene kwa zaka zambiri ankapuma utsi wa pulasitiki mosadandaula, anasanduka wosamala moyo tsiku limodzi, ngakhale kuti masiki yake inkateteza chibwano nthawi zambiri, n'kumakwera pamphuno pokhapokha wapolisi akaonekera patali. Akatswiri amanena kuti masiki yansalu imatchinga pang'ono chabe tizidutswa ta PM2.5, pomwe ya mtundu wa N95, ikavalidwa mothina, imasefa 95 pa 100 iliyonse. Kusiyana kumeneku sikunamukhudze, popeza zonse ziwiri zinkatchinga chindapusa mofanana. Lero yansalu ija amapukutira nsapato.

Kafukufuku wina wamkulu amene anachitika m'maboma a Chikwawa ndi Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, anapeza kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa sizinachepetse chibayo pakati pa anawo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza anaganizira chinali chakuti ana amapumanso utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa. Apa mlembi ali ndi ufulu wonyadira pang'ono, pakuti ntchito yake ya pa dzala inafika m'mabuku a sayansi, ngakhale dzina lake silinatchulidwe.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ukupezeka pachingwe choyanikira zovala. Shati yoyera ya kutchalitchi ikakhala pamenepo, bambo wamba amasanduka katswiri wa zanyengo: amanyambita chala n'kuchikweza m'mwamba, amadikira mphepo itembenukire kwa oyandikana nawo, ndipo ikakana amazimitsa motowo ndi chidebe chathunthu cha madzi ogula. Chimamuchititsa zimenezi ndi chiganizo chimodzi chochokera kukhitchini, chakuti, "Abambo, shati iyi ikanunkha utsi muchapa nokha," chimene mphamvu yake imawirikiza apongozi akakhala pakhonde. Mafunso onse a Rogers amayankhidwa nthawi yomweyo, chifukwa ngoziyo ndi yaikulu, imugwera lero lomwe, ndipo njira yoipewera ndi yodziwika. Mapapo alibe mwayi wotere chifukwa sayanikidwa pachingwe, sadetsedwa anthu akuona, ndiponso palibe amene amawanunkhiza pa mapemphero a Lamulungu.

Motero a zaumoyo angachite bwino kuika uthenga wawo m'manja mwa amayi ndi apongozi, m'malo mouwononga pa zikwangwani zojambulidwa mapapo akuda. Kufikira zimenezi zitachitika, oyandikana ndi mlembi akudziwitsidwa mwaulemu kuti dzala liyakanso Loweruka likudzali, ndipo akupemphedwa kuanula zovala zawo isanakwane 4 koloko madzulo.