Chitamando cha Dzenje la pa Msewu wa M5 ku Chia

Akatswiri olemba za ngozi zapamsewu amathera masamba ambiri pofotokoza za madalaivala oledzera, magalimoto opanda mabuleki ndi minibasi zonyamula anthu mopyola muyeso, koma dzenje la pamsewu, lomwe limagwira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro, amangolitchula modutsa ndiponso molinyoza. Kulakwa kumeneku kuyenera kukonzedwa, ndipo malo oyenera kuyambirapo ndi ku Chia m'boma la Nkhotakota, pamene msewu wa M5, wodutsa ku Salima kulowera ku Dwangwa, Nkhata Bay mpaka ku Mzuzu, umawoloka kamtsinje kolumikiza nyanja yaing'ono ya Chia ndi nyanja ya Malawi. Kutamanda zinthu zonyozeka si kwachilendo pakati pa anthu ophunzira, pakuti Lucian wa ku Samosata adalemba zoyamikira ntchentche, ndipo buku la Erasmus loyamikira uchitsiru lidasindikizidwa mu 1511. Komatu ntchentche sinaphulitsepo tayala, ndipo pa ntchito zooneka ndi maso dzenje limaposa zonse ziwirizi.

Choyamba kuyamikiridwa ndi kubadwa kwake, chifukwa dzenje ndi chipatso cha mgwirizano umene mabungwe ambiri amaulakalaka koma osaufikira. Msewu wa phula uli ndi zigawo zosanjikizana: pansi pali dothi lotsenderezedwa, pakati pali miyala yoswa, ndipo pamwamba pali phula lopyapyala, lomwe ntchito yake yaikulu si kunyamula katundu koma kutchinga madzi kuti asalowe pansi. Dzuwa la kunyanja likaumitsa phula lija pamabuka ming'alu, mvula ya dzinja imalowa m'ming'alumo n'kufewetsa zapansi, ndipo popeza dera la Chia ndi lachidikha, lolandira mitsinje yotsika m'mapiri a ku Ntchisi, madziwo sakhala ndi kothawira msanga. Chotsala ndi tayala basi. Kafukufuku amene adachitika ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo, chomwe ndi chitsulo chopingasa cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto, kukawirikiza kawiri, msewu suwonongeka kawiri koma pafupifupi ka 16. Motero lole yodzaza shuga wa ku Dwangwa kapena feteleza wopita kumpoto imachita pa ulendo umodzi zimene kagalimoto kakang'ono kangachite pa maulendo zikwi zambiri. Dzuwa, mvula, lole ndi ngalande yokwiririka, chilichonse chimapereka gawo lake pa nthawi yake, popanda msonkhano wa kuhotela ngakhale alawansi.

Likangobadwa, dzenje limayamba kusungitsa malamulo a liwiro mwa njira imene palibe ofesi ingafanane nayo. Chikwangwani chimatha kuzulidwa usiku n'kukasulidwa mbaula, ndipo wapolisi wapamsewu amaweruka, amadwala, komanso madalaivala amachenjezana za iye pothwanimitsirana magetsi asanafike pamene waima. Dzenje siliweruka, silimva kupepesa, siliwerenga nambala ya galimoto kuti lidziwe ngati muli nduna kapena mphunzitsi, ndipo chindapusa chake limatolera pomwepo, pa tayala ndi pa limu, osasiya mpata wokambirana za kangachepe. Phindu la ntchito imeneyi limagwera ogulitsa nsomba a pafupi ndi mlatho wa Chia, amene amaima m'mphepete mwa msewu atatukula chambo chomangidwa pa chingwe cha mlaza, mamba akunyezimira padzuwa. Dalaivala wodutsa ngati mphepo saona kanthu, koma amene wachepetsa liwiro kuti asankhe dzenje loti aligunde pakati pa awiri amakhala ndi nthawi yokwanira kuona nsomba, kufunsa mtengo, kunenerera, ndi kupachika zogulazo pa galasi loonera kumbuyo kuti mphepo iziziziziritsa pa ulendo wa ku Lilongwe.

Pa nkhani yolemba anthu ntchito, dzenje lachita zambiri popanda kulonjeza kalikonse pa msonkhano wa ndale. Omata matayala, owotcherera, owongola malimu ndi nyundo, amakaniko osintha mashoku ndi masipuling'i, ndi ogulitsa masipeya ochotsedwa ku magalimoto akufa, onse amadya chifukwa cha ilo. Palinso anyamata a fosholo amene amathira dothi m'dzenje, n'kuika nthambi yamasamba pambali, n'kutambasulira dzanja galimoto iliyonse yodutsa. Ndipo ubwino wa ntchito yawo ndi wakuti mvula imodzi imakokolola dothi lonse, kotero kuti m'mawa mwake ntchito imapezekanso pamalo omwewo.

Koma ulemerero weniweni wa dzenje uli pa uphunzitsi, pakuti palibe amene waphunzitsa Amalawi kuwerenga pangano la inshuwaransi kuposa ilo. Lamulo la zapamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwaransi ya third party, yomwe imapereka chipukutamisozi kwa munthu wina amene galimotoyo yamuvulaza, yamupha kapena yamuwonongera katundu, mpaka pa malire a ndalama olembedwa m'panganolo. Eni ake ambiri a ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu pakati pa Salima ndi Nkhotakota amagula imeneyi chifukwa ndi yotsika mtengo ndiponso imakwanira kuonetsa kwa apolisi pa chotchinga cha pamsewu, ndipo ena amayenda nayo chaka chonse akukhulupirira kuti galimoto yawo ili m'manja abwino. Dzenje ndilo limawadziwitsa, kawirikawiri usiku ndiponso kutali ndi nyumba, kuti munthu wachitatu amene dzina la third party likunena si iwo, ndipo kuti bampala imene yatsala pamsewu adzaigula okha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo dzenje limaonetsetsa kuti amene sanafunse pogula afunse tsopano, ngakhale mochedwa.

Amene ali ndi inshuwaransi ya comprehensive, yomwe imateteza ndi galimoto ya mwini wake yomwe, amalandira maphunziro apamwamba, otenga nthawi yotalikirapo. Phunziro loyamba ndi la zinthu zimene pangano silikhudza, pakuti mapangano ambiri amanena kuti kuphulika, kubowoka kapena kung'ambika kwa tayala pakokha sikulipiridwa, ndiponso kuti kutha kwa zitsulo chifukwa cha kukalamba si ngozi. Apa dzenje limaonetsa luso lake lonse, chifukwa limakonda kuwononga pang'onopang'ono, lero shoku, mawa chitsulo chowongolera, mpaka tsiku limene chinthu chidzathyoka pasapezeke wonena motsimikiza ngati chathyoka ndi ngozi kapena ndi zaka. Phunziro lachiwiri ndi la excess, gawo loyamba la ndalama zokonzera limene mwini galimoto amalipira yekha kampani isanatulutse khobidi lake. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti dzenje lanzeru limawononga zinthu za mtengo woyandikira gawo limenelo, kotero kuti mwini galimoto akawerengetsa zoyendera, nthawi, ndi kutaya kuchotseredwa mtengo kumene kampani imapatsa anthu amene sanapempheko kanthu chaka chathachi, amangopita mwakachetechete kwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango.

Wolimba mtima amene wasankha kupitiriza amayamba ulendo wa mapepala, umene umamudziwitsa dziko lake kuposa phunziro lililonse la kusukulu. Ayenera kudziwitsa kampani mwamsanga, kujambula zithunzi galimoto isanasunthidwe, kupita ku boma la Nkhotakota kukatenga lipoti la apolisi, lomwe limalipiridwa, ndi kusonkhanitsa laisensi, buluubuku ndi chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamsewu. Pano pali chinthu chimene ophunzira a malamulo sanachisinkhesinkhe mokwanira: galimoto iyenera kutsimikiza kuti ndi yoyenera msewu, koma msewu sufunsidwa chiphaso chotsimikiza kuti ndi woyenera galimoto. Kenaka amafunidwa makoteshoni, omwe ndi mapepala a magalaja osonyeza mtengo wokonzera, ndipo popeza maofesi a makampani ndi magalaja amene iwo amawavomereza ali m'mizinda, munthu wa ku Chia amayenda makilomita oposa 150 kupita ku Lilongwe, akudutsanso pa dzenje lomwelo popita ndi pobwera. Kumeneko amakumana ndi asesa, katswiri wotumidwa ndi kampani kukayeza kukula kwa zowonongeka, yemwe amatha kuchotsera mtengo ponena kuti chitsulo chatsopano chikulowa m'malo mwa chakale, ndipo inshuwaransi cholinga chake ndi kubwezera munthu pamene anali, osati kumukweza. Ngati mtengo wokonzera wayandikira mtengo wa galimoto yonse, galimotoyo imayesedwa yotheratu, kampani n'kulipira mtengo wake n'kutenga chigoba. Amene sanakweze mtengo wolembedwa m'pangano ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 adazindikira apa kuti ndalama imene alandira singagulenso galimoto yofanana nayo kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo phunziro la zachuma limeneli adalilandira popanda kulembetsa ku yunivesite. Wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula kwa woyang'anira makampani a zachuma, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ngakhale dzenjelo silingaitanidwe kudzapereka umboni.

Pa zabwino zonsezi pamaonjezeka kudzichepetsa, khalidwe losowa pakati pa ogwira ntchito zazikulu. Dalaivala akazemba dzenje n'kugunda wakabaza wonyamula matumba a mpunga, kapena mayi woyenda m'mphepete mwa msewu umene wadyeka m'mbali mpaka magalimoto awiri sangapatukirane bwino, chimene chimamveka pa wailesi ndi chakuti dalaivalayo adalephera kuwongolera galimoto chifukwa chothamanga. Wovulala amagonekedwa m'chipatala, loya wake amasumira dalaivala pamodzi ndi kampani ya inshuwaransi monga lamulo limalolera, mlandu umatha zaka, ndipo m'mapepala onsewo dzina la dzenje silitchulidwa ngakhale kamodzi. Ena anganene kuti kumeneku ndi kuzemba mlandu, ndipo amasiye amene atsala sangatsutsidwe akatero. Koma wophunzira wosakondera ayenera kuvomereza kuti n'zosowa kuona wogwira ntchito yochuluka chotere akusiyira anzake mbiri yonse. Dzenje silidandaulanso kuti ndalama zolithetsera zimatoleredwa tsiku ndi tsiku, pakuti pa lita iliyonse ya mafuta pali msonkho wokonzera misewu umene umapita ku Roads Fund Administration, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi Roads Authority, ndipo kuyambira mu 2021 pamene chipata cholipiritsa cha Chingeni chidatsegulidwa pa msewu wa M1, njira zotolera zidawonjezeka. Mwini galimoto amalipira pothira mafuta kuti dzenje lisakhalepo, amalipira inshuwaransi poopa kuti lilipo, ndipo amalipira makaniko chifukwa walipeza.

Adani a dzenje sagona, ndipo ntchito yomanganso msewu wa M5 kuchokera ku Kaphatenga kudutsa ku Benga mpaka ku Dwangwa, yomwe mbali ina ndalama zake n'zochokera ku African Development Bank, ndi chiwopsezo chachikulu pa zonse zimene zafotokozedwazi. Komabe okonda dzenje asataye mtima, pakuti m'mapangano ambiri a zomangamanga kontirakitala amakhala ndi udindo wokonza zolakwika kwa chaka chimodzi chokha akapereka msewu, pamene dzuwa, mvula ndi malole alibe tsiku lomaliza ntchito. Ngakhale phula latsopano litalimba kwa zaka zambiri, magalimoto adzayamba kuuluka pa mlatho wa Chia, mbuzi ndi ana asukulu adzakhala pa chiopsezo, ndipo mafumu adzalembera boma kupempha mahampu, omwe ndi zitunda zopingasa msewu zokakamiza dalaivala kuchepetsa liwiro. Pamenepo boma lidzalipira kontirakitala wina kuti amange mozondotsa chimene dzenje linkapereka ulere, ndipo ma Sienta odzaza anthu ndi mabasiketi a nsomba adzakhula mimba zawo pa zitundazo, kuwonongeka kumene inshuwaransi ya third party sikulipiranso.