Buluku la Hulk anagula kuti?

Buluku la salaula pa msika wa Lundazi lakwera mtengo moti masiku ano timafunsira chapatali, manja ali kumbuyo. Amayi ogulitsa akuti belo ladula. Ine ndinakwiya. Koma mkwiyo wanga sutupitsa minofu. Imatupa ndi mitsempha ya pakhosi yokha, kenako ndimapempha mwaulemu kuti andichotsereko K10.

Wodziwa kukwiya ndi Hulk, chimphona chobiriwira cha pa TV chija, chimene sewero lake linayamba mu 1977 ku America. Mphwanga, amene sukulu yake yonse ili mufoni, wandiululira zinsinsi zake. Hulk anali anthu awiri: Bill Bixby, amene ankasewera munthu wofatsa asanakwiye, ndi Lou Ferrigno wonyamula zitsulo, amene ankamupaka utoto kwa maola angapo asanayambe kujambula. Tsitsi linali wigi. Ngakhale kubangula kuja sikunali kwake. M'zaka zoyambirira ankamubangulira Ted Cassidy. Ntchito ya Ferrigno poyamba anaipereka kwa Richard Kiel, koma anamuchotsa ataona kuti ndi wamtali chabe, minofu njochepa. Ndinamumvera chisoni, poti ine ndi msinkhu womwe ndilibe.

Koma chinsinsi chenicheni mphwanga sanachipeze. Buluku la Hulk lija! Munthu watupa, malaya ang'ambika, nsapato zaphulika, khoma lagwa, koma buluku lili nganganga m'chiuno, langothetheka m'mawondo basi. Langa silidikira mkwiyo. Ndikangowerama kuti ndisankhe tomato ndimamva kwee! kumbuyo, n'kubwerera kunyumba chammbali ngati nkhanu. Telala wanga wa pakhonde la sitolo walisoka mpaka ulusi wachuluka kuposa nsalu, ndipo akandiona amatulutsa singano moni asanapereke. Ndinafunsa amayi aja ngati m'belo mumapezeka la Hulk.

"Lobiriwira lilipo, abambo," anatero osaseka, "koma mtengo ndi womwewo."

Chimene chimandiwawa n'chakuti thonje timalima ndife, konkuno ku Lundazi. Mlimi amapopera mankhwala, amatola dzuwa lili pamutu, n'kugulitsa pa mtengo wolira nawo. Thonjelo limapita kunja, iye n'kubwera kumsika kudzalimbirana ndi ine zimene ena anavula. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe itatseka mu 2007, sindinaone mkulu aliyense atakwiya mpaka kudula ngakhale batani limodzi la malaya.