Wawa, a Enejeseva!

Mwa zonse zolendewera kudenga, palibe chaulemu ngati babu la enejeseva, lija lopindana ngati bongololo wodzidzimuka. Mababu ena ndi aphuma: munthu akangodina switchi, athwanima kale. Ili ayi. Limayamba laphethira, kenako n'kumawala pang'onopang'ono, kupatsa mwini nyumba mpata wokwanira wopunthwa pampando.

Kuchedwaku n'kwakumtundu. Edward Hammer analipanga mu 1976 kukampani ya General Electric ku America, koma mabwana atawerengera ndalama zomangira fakitale yake, analiika pambali. Linadikira osadandaula mpaka m'ma 1990 pomwe mafakitale a ku China anayamba kulipanga mochuluka.

Pakadyedwe ndiye palibe angalinene. Babu lakale lija linali ladyera: pafupifupi 90 peresenti ya magetsi omwe linkameza ankathera m'kutentha, kuwala n'kukhala nyenyeswa chabe. Enejeseva la mawati 15 limawala ngati lakale la mawati 60, ndipo limatha kukhala maola 8,000 pomwe linzakelo limapsa likakwanitsa 1,000. Mayunitsi amachedwa kutha. N'chifukwa chake cha m'ma 2012 a ESCOM anagawa mababuwa ulere m'makomo, kuti makina a ku Nkula ndi ku Tedzani apumeko madzulo, nthawi yomwe aliyense amayatsa. Ndi mlendo uti wina anabwerapo pakhomo n'kuchepetsa bajeti?

Odandaula salephera. Alimi a nkhuku akuti silifunditsa anapiye. Zoona, koma linalembedwa ntchito younikira, osati yofungatira. Ena akuti kuwala kwake kumatuwitsa nkhope, mkamwini n'kumaoneka ngati wangodzuka kumene malungo. Apongozi amamuonjezera ndiwo, ndiye vuto lili pati?

Ulemerero wake weniweni umaoneka pamaliro. Babu wamba likasweka amangosesa. Ili m'mimba mwake muli mekyule, mamiligalamu ochepa chabe koma apoizoni, choncho likaphwanyika mawindo onse atsegulidwe, ana ndi ziweto atuluke kaye, magalasi awoledwe ndi katoni n'kutsekeredwa m'botolo. Kudzala silipita chisawawa.

Ngakhale kupuma ntchito kwake kunafuna msonkhano wa maiko. Mu 2022 ku Bali, maiko a m'pangano la Minamata anagwirizana kuti mababu otere a m'nyumba asiye kupangidwa pofika 2025, ndipo m'mashopu malo ake atengedwa ndi mababu a LED. Komabe m'mabafa ndi m'makhonde ambiri mkuluyu akadali pampando, wakuda kukhosi ndi ukalamba, ndipo eni nyumba atsimikiza kuti sagula lina mpaka lipse lokha.