Makope a Ana Anapitirira ndi Sitima

Anzanga amene tinkaphunzira nawo zauphunzitsi ku Glasgow amadziwa theka la nkhani iyi. Amadziwa kuti ndinagona m'sitima, ndinatsika pa siteshoni yolakwika, ndipo ndinayenda wapansi usiku m'chisanu mpaka kukafika kumene ndinkakhala. Theka linalo sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga ku Ntcheu. Lero ndinena zonse.

Ndinapita ku Scotland nditagwirako kale choko pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi kwathu. Kosi ya kumeneko amaitcha PGDE. Ndi ya chaka chimodzi, masabata 36, ndipo theka la masabatawo umakhala uli m'kalasi ndi ana, zomwe kwathu timati TP. Usanayandikire mwana aliyense amayamba afufuza mbiri yako kudzera m'ndondomeko ya PVG, ndipo ukamaliza bwino ndi pamene bungwe la General Teaching Council for Scotland, lomwe linakhazikitsidwa mu 1965, limakulemba m'kaundula wa aphunzitsi. Ine ananditumiza ku kalasi ya Primary 6, ana a zaka pafupifupi khumi. Kumeneko kalasi yotere siloledwa kupitirira ana 33. Munthu wochokera m'kalasi ya ana oposa zana, ndinkaona ngati ndapita kokapuma. Ndinadzinamiza. Ana ochepawo aliyense amafuna kuti umudziwe payekha: amene sawerenga bwino, amene amamwa mankhwala masana, amene kwawo kuli mavuto. Zonsezo zimalembedwa, ndipo zimasungidwa mwachinsinsi.

Ndinkachita lendi kachipinda ku Rutherglen, m'nyumba imodzi ndi mnyamata wa ku Ghana wophunzira zaunamwino. Viza ya mwana wasukulu imalola kugwira ganyu maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ine ndinkawagwira onse, kulongedza katundu m'mashelefu a sitolo madzulo. Ndikaweruka kumeneko ndiye kukhala pansi kulemba lesoni pulani. Kumapeto kwa Novembala kunja kumacha itadutsa 8 koloko m'mawa, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo kuli bii. Ndinkachoka kunyumba kuli mdima, nkubwerera kuli mdima. Nsima ndinkaphika Lamulungu lokha, ya ufa wogula m'sitolo ya zakudya za ku Africa, ndiwo zake kabichi ndi mazira, nkudya ndekha foni ili pambali pa mbale. Chisanu munthu amachizolowera, amangogula jekete yokhuthala. Chimene sindinachizolowere ndi kutha Loweruka lonse osamva wina akunditchula dzina.

Anzanga a pa kosi, ambiri eni dziko, ena a ku Ireland, anali ndi chizolowezi chawo. Lachisanu belu likangolira ankachoka m'sukulu zawo zosiyanasiyana nkukakumana m'malo omwera mowa a ku Byres Road kapena ku Sauchiehall Street, zovala zakuntchito zili m'thupi. Kumeneko ankadandaulirana za ana ovuta ndi za aphunzitsi owayang'anira, kenako nkuiwala zonse. Kamwedwe kawo ndi ka raundi: mmodzi amagulira gulu lonse, akatha wina naye amagula, mpaka aliyense atagulapo. Raundi imodzi inali ndalama yanga ya chakudya cha sabata, choncho ndinkakana, ndikumati ndili ndi ntchito. Sanatope nane. Pafupi ndi pa 30 Novembala, tsiku la Andrea Woyera, nkhoswe ya dziko la Scotland, mtsikana wina wa ku Donegal anandigulira yekha tikiti ya gule wa ceilidh nkundiuza kuti ulendo uno palibe chokanira.

Lachisanu la guleyo ana anga analemba chimangirizo. Mutu wake unali wakuti aliyense alembe za munthu amene amamuwerengera kwambiri. Mayi amene ankandiyang'anira anati ndiike makope m'kabati, tidzachonge limodzi Lolemba m'mawa. Koma sabata yotsatirayo kunkabwera mphunzitsi wa ku yunivesite kudzandionerera, ndipo ndinkafuna kuti mayi ondiyang'anira aja adzapeze ntchito yonse itatha. Iwo atangotuluka ndinalonga makope onse m'chikwama changa, pamodzi ndi fayilo yabuluu ya kalasi, momwe munali mayina a ana ndi zonse zija zachinsinsi. Kwathu mphunzitsi amamanga makope pa keliyala ya njinga nkukachongera pakhonde, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Komabe sindinganamizire chizolowezi, pakuti lamulo la sukuluyo loletsa zimenezi ndinali nditauzidwa tsiku loyamba, ndipo ndinasayinira.

Za gule uja ndinene mosabisa kuti ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chifikireni m'dzikolo. Holo inali yodzaza, nkhalamba ndi achinyamata pamodzi, amuna ena atavala ma kilt. Kutsogolo kunali wa vayolini, wa akodiyoni, wa ng'oma, ndi bambo wina wogwira maikolofoni amene ankafotokoza kavinidwe gule aliyense asanayambe. Sasankha kuti uyu ndi mlendo. Ukangoima pambali wina amakukoka dzanja. Tinavina Gay Gordons, tinavina Dashing White Sergeant wa anthu atatuatatu, kenako kunabwera Strip the Willow. Amuna amaima mzere wawo, akazi wawo, moyang'anizana. Awiri akumapeto amakolana m'zigongono nkuzungulira, kenako amatsika ndi mzere wonse, kukola uyu, kubwerera kwa mnzako, kukola wotsatira. Gogo wina wamfupi, tsitsi lili mbuu, anandizunguza mwamphamvu moti ndinangoti pepeluu ngati chitsotso m'kamvuluvulu, ndipo anandigwira ndisanagwe, akuseka. Kwa maola amenewo ndinaiwala lendi, ndinaiwala chisanu. Chikwama chinali pansi pa tebulo, ndipo gule aliyense akatha ndinkapita kukachikhudza ndi phazi.

Sindine munthu wamowa. Ndinakulira mu mpingo wa CCAP, ndipo kwathu ndinkangolawa pa ukwati. Koma raundi inazungulira, inandifika, ndinagula, ndipo poti ndinali nditagulira ena ndinaona kuti nanenso ndimwe zimene andigulira. Onjezani kuti usiku wa Lachinayi ndinali m'mashelefu mpaka mochedwa. Pamene tinkatuluka m'holomo cha m'ma 11 koloko, miyendo inkayenda yokha. Ndinathamangira ku Glasgow Central, kunsi kumene kumadutsa sitima za njanji ya Argyle, nkukwera yomaliza yopita ku Larkhall. Rutherglen ndi pafupi, mphindi zochepa chabe. Chikwama chinkalemera, ndiye ndinachikweza pa thandala la pamwamba pa mpando. M'sitima munkafunda. Ndinatsamira zenera.

Chimene chinandidzutsa ndi mawu a chimkuzamawu akuti tafika pa Blantyre. M'tulomo ndinali m'basi yochokera ku Lilongwe, ndipo mtima unandiuza kuti ndi pa Wenela, nditsike msanga basi isanapitirire. Ndinangoti dzambatu, kudina batani la chitseko, nkulumphira kunja. Mphepo yozizira itandimenya kumaso ndi pamene mutu unabwerera. Pa siteshoni panali zii, magetsi okha. Inalidi Blantyre, koma ya ku South Lanarkshire, kwawo kwa David Livingstone, kumene anabadwira mu 1813 nkuyamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Amishoni a Church of Scotland anatenga dzina la kumeneko nkupatsa mishoni yawo ya kwathu mu 1876. Ndinali nditalakalaka kwa miyezi kudzaona nyumba imene anabadwira, yomwe ili kufupi ndi siteshoniyo, koma osati pakati pa usiku chonchi. Ndinagwira paphewa, palibe lamba. Sitima inali itatseka zitseko, ikulowera ku Hamilton.

M'chikwamamo munalinso makiyi a nyumba ndi tchaja. Foni inali m'thumba la jekete, koma itatha moto. Sitima yobwerera panalibe, ndipo ndalama ya takisi inali itapita ndi raundi ija. Ndinagwira njakata kwa kanthawi, kenako ndinayamba kuyenda, kutsata zikwangwani zolozera ku Glasgow. Mvula yamawawa inkagwa cham'mbali. Nsapato zanga zinali zakuntchito, zopyapyala pansi, ndipo pofika ku Cambuslang zala zakuphazi sindinkazimvanso. Ndinayenda pafupifupi maola awiri. Mnzanga wa ku Ghana uja anatsegula chitseko ali m'tulo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafunsa kanthu, nkukateleka madzi a tiyi.

Apa ndi pamene anzanga amalekezera nkhaniyi.

Loweruka ndinadzaza fomu ya katundu wotayika pa intaneti, ndipo anandiyankha kuti katundu wopezeka m'sitima amatenga masiku kuti afike ku ofesi. Nambala ya mayi ondiyang'anira aja ndinali nayo. Ndinaitsegula, kuiyang'ana, nkuzimitsa foni. Ndinkaopa kuchotsedwa pa TP, pakuti kulephera TP ndiko kulephera kosi, ndipo viza yanga inkadalira kosiyo. Ndinkaona nkhope ya malume anga amene anagulitsa ng'ombe kuti tikwanitse tikiti ya ndege. Ndinadziuza kuti chikwama chipezeka Lolemba, ndipo palibe amene adzadziwe.

Lolemba mayiwo anatsegula kabati nkupeza mulibe kanthu.

"Makope aja ali kuti?"

"Ndinawatenga kuti ndikachongere kunyumba, mayi. Ndawaiwala patebulo. Ndibwera nawo mawa."

Anandikumbutsa mofatsa kuti makope satuluka pasukulu, nkusiya pomwepo. Za fayilo sanafunse, ndipo ine sindinatchule.

M'kalasimo munali mnyamata wina wachete, wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Kulemba kunkamuvuta, ndipo nthawi zambiri ankalemba mizere iwiri nkugoneka mutu pa desiki. Lachisanu lija ndinamuona akulemba mpaka belu, lilime lili panja, ndipo potolera makope ndinaona kuti wadzaza masamba awiri. Nthawi ya buleki Lolembalo, anzake atathamangira kunja, iye anatsalira. Anaima pafupi ndi tebulo langa akupotokola chingwe cha juzi.

"Aphunzitsi, mwawerenga changa?"

"Ndawerenga. Walemba bwino kwambiri."

Nkhope inawala. "Mwakonda pati?"

Ndinasowa chonena. Ndinati ndakonda ponseponse, makamaka poyambira. Mwana wa zaka khumi si wopusa. Anandiyang'ana pang'ono, anati chabwino, nkutuluka akukoka mapazi.

Usiku umenewo sindinagone. Lachiwiri ndinalawirira, ndinapeza mayi aja akukonza kalasi, nkuwauza zonse: gule, mowa, sitima, fayilo, ndi bodza la dzulo lake. Sanakalipe. Anakhala pa kampando ka ana, anavula magalasi, nkundifunsa funso limodzi lokha, loti m'fayilomo munali chiyani kwenikweni. Kenako tinapita limodzi kwa ahedi. Iwo anandifotokozera kuti zinsinsi za anthu zikatayika, ndipo pali chiopsezo kwa eni ake, lamulo la dzikolo limapereka maola 72 okha kuchokera pamene zadziwika kuti nkhani ikanenedwe ku boma, choncho anayenera kuimbira ku khonsolo m'mawa womwewo. Anati ndikanawaimbira Loweruka, akanathandiza kusaka chikwamacho chisanapite kutali. Anandiuzanso chinthu chimene sindinachiganizireko masiku onse aja ndikudera nkhawa viza yanga: m'mabanja ena muli mayi amene anathawa nkhanza, ndipo pepala losonyeza sukulu imene mwana wake amaphunzira likagwera m'manja olakwika, moyo wa anthu umakhala pachiswe. Ndinatuluka muofesimo miyendo ili lende.

Chikwama chinapezeka Lachinayi. Wokonza m'sitima anachitola usiku womwe uja nkuchipereka, zipi yosatsegulidwa. Munthu ameneyo sindimudziwa, koma ndimamupempherera. Ndinakachitenga titaweruka, ndipo m'mawa mwake, m'kalasi, mayi aja ali pomwepo, ndinatsegula kope la mnyamata uja. Analemba za agogo ake aamuna, amene ankawotcherera zitsulo kokhoma zombo ku Govan, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo anali atamwalira chaka chomwecho. Zilembo zina zinali zotembenuka, mawu ambiri olakwika. Analemba kuti manja a agogowo anali ndi timabala ta moto, kuti ankamulola kuwerenga timabalato, ndi kuti mpando wawo palibe amene amakhalapo. Poyambira, pamene ndinati ndakonda, panali deti ndi mutu wa chimangirizo basi.

Ndinamuitana pa buleki. Ndinamuuza kuti Lolemba ndinali ndisanawerenge, kuti ndinamunamiza, ndipo ndinapepesa. Ndinamuuza za timabala tija, kuti ndi pamene pandikhudza. Anamvetsera, anagwedeza mutu, nkufunsa ngati angapite kukasewera.

Sukulu sinandichotse. Nkhaniyo inalembedwa mu lipoti langa la TP, a ku yunivesite anandiitana kukafotokoza, ndipo anawonjezera ulendo wina wodzandionerera. Kosi ndinamaliza. Ku ceilidh ndinapitanso, wopanda chikwama, ndipo sindinganene kuti gule ndiye analakwa, chifukwa munthu wokhala kutali ndi kwawo amafunika pomwe angakaseke ndi anzake. TP ya pa sukuluyo inatha Khirisimasi isanafike. M'masabata amene anatsalawo tinalembanso zimangirizo zina, ndipo mnyamata uja anabwerera ku mizere yake iwiri. Chikwama ndinachitaya ndili m'tulo, koma mwana uja ndinamunamiza ndili maso, ndipo mlandu umenewo ndi wanga ndekha.