Tiyeni Tigulitse Mlengalenga wa pa Mlangeni

Ku New Zealand kuli mzinda wotchedwa Auckland, umene eni ake, ali ndi nzeru zawo zonse, anaumanga pamwamba pa mapiri ophulika oposa 50. Mzindawu uli pakati pa madoko awiri a nyanja yamchere, Waitemata ndi Manukau, ndipo mumakhala anthu opitirira miliyoni imodzi ndi theka. Chitsirizira cha mapiriwo, Rangitoto, chinatumphuka m'nyanja zaka pafupifupi 600 zapitazo, ndipo akatswiri a za miyala sabisa mawu kuti pansipo moto sunazimiretu. Kukanakhala kuno kwathu bwenzi titasamuka kalekale, amfumu patsogolo, mbuzi pambuyo. Koma eni akewo anangogula ndege za helikopita n'kuyamba kulipiritsa alendo, kuwakweza m'mwamba kuti akaone bwinobwino chinthu chimene tsiku lina chingawawauze onse. Ine, munthu wamba wa pa Mlangeni, amene chachitali chomwe ndimakwera ndi lole ya kabichi, ndaisinkhasinkha nkhaniyi mofatsa, ndipo mfundo yanga ndi yakuti ifenso tiyambe kugulitsa mlengalenga wathu. Chilichonse chimene a ku Auckland ali nacho ifenso tili nacho, kungopatulako tinthu titatu tating'ono: nyanja yamchere, mapiri ophulika ndi helikopitayo.

Musanaseke, abale anga, taonani kaye kukoma kwa geniyi. Ku Livingstone m'dziko la Zambia, mlendo amapereka madola a ku America opitirira 100 kuti azungulire pamwamba pa mathithi a Victoria kwa mphindi 15 zokha. Ku Cape Town ndege zimanyamuka pa doko la V&A Waterfront kukazungulira phiri la Table Mountain, kutsitsa awa n'kukweza ena. Mlendo akatsika satenga kanthu. Mathithi amatsala pomwepo, phiri limatsala pomwepo, mawa amagulitsanso lomwelo kwa wina. Tsono muyang'ane geni yathu ya m'mbali mwa msewu wa M1. Kachewere amafuna feteleza, feteleza amafuna ndalama, ndipo ndalamayo inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ife tikadali m'tulo. Tomato ukalephera kumugulitsa lero, mkuja ndi ndiwo za nkhumba. Mabwana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amangotsitsa galasi la galimoto pang'ono, n'kunenerera mtengo mpaka iwe mwini katundu kuyamba kupepesa, pamapeto pake n'kupemphanso basera. Mlengalenga sufuna makuponi, suwola, sugwidwa chiwawu, ndipo palibe bwana amene angapemphe basera wa mitambo.

Otsutsa oyamba, amene sasowa pa bawo paliponse, adzati Malawi alibe nyanja yamchere. Zoona, nafenso tinaphunzira zimenezo ku pulayimale, ngakhale enafe tinathera pomwepo. Koma akuluakuluwa akuiwala pamene Mlangeni ali. Kuno malire a Malawi ndi Mozambique amayenda limodzi ndi msewu, moti nkhuku ikhoza kugona ku Ntcheu n'kukatola chakudya ku Angonia popanda chiphaso. Mozambique ali ndi gombe la nyanja yamchere la makilomita opitirira 2,000. Ngati mnansi wako wa kuseri kwa msewu ali ndi nyanja, ndiye kuti nyanjayo ili m'mudzi mwanu, ndipo zoti Beira ali kutali makilomita mazanamazana ndi nkhani ya oyendetsa mathanki a mafuta. Komanso tili ndi nyanja yathuyathu, yachitatu kukula mu Africa muno, yotalika makilomita oposa 550. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchoka pa Masasa kupita ku Golomoti kunja kutayera akudziwa kuti imaonekera patali, itati mbee kuseri kwa chigwa. Munthu ali m'mwamba salawa madzi. Ngati alipo mlendo wamakani amene akufuna mchere ndithu, pa msika wa Lizulu ulipo wambiri, atha kugula wa ndalama zake n'kukathira yekha.

Otsutsa achiwiri adzati mapiri athu ndi ofatsa, saphulika. Apa ndiye mbuli ndi iwowo, osati ine. Phiri la Kangankunde kwa anzathu a ku Balaka, la Songwe ndi la Tundulu ku Phalombe, ndiponso chilumba cha pa nyanja ya Chilwa, onsewa anapangidwa ndi chiphalaphala chamoto chochokera pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo umboni wake ndi chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989, zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, ndi akasupe a madzi otentha a ku Nkhotakota, ku Liwonde ndi ku Chiweta. Kungodutsa malire a kumpoto kulowa mu Tanzania kuli phiri la Rungwe, lomwe akatswiri amaliwerengabe m'gulu la mapiri amoyo. Choncho moto tili nawo, kungoti wathu ndi waulemu. Ndipo ulemu umenewo ndiwo malonda. Pa 9 Disembala 2019 chilumba cha Whakaari ku New Zealand konko chinaphulika alendo ali pomwepo, anthu 22 n'kutaya miyoyo. Mzinda wa Goma ku Congo, womwe uli m'mbali mwa nyanja ya Kivu, unalowedwa ndi chiphalaphala cha phiri la Nyiragongo mu 2002, ndipo mu 2021 anthu anathawanso usiku ana kumsana. Kwa munthu wamantha ngati ine, amene amadzidzimuka ndi kuphulika kwa tayala la njinga, phiri labwino ndi lomwe linamaliza kale zophulika makolo athu asanabadwe.

Otsutsa achitatu ndiwo ali ndi kamfundo kolumako, pakuti adzafunsa kuti helikopita ili kuti. Tiyeni tiwerengere limodzi. Phiri la Maungawhau, limene azungu amalitcha Mount Eden, lomwe alendo amalijambula kwambiri pakati pa mzinda wa Auckland, ndi lotalika mamita 196 okha kuchokera pa nyanja. Ndege zoonetsa alendo mzindawo nthawi zambiri zimauluka mamita mazana angapo. Pamene Mlangeni ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo phiri la Dedza, lomwe lili pafupi nafe, limapitirira 2,000. Tanthauzo lake n'lakuti mayi amene wakhala pansi pa Mlangeni akusenda anyezi ali kale m'mwamba kuposa mzungu amene walipira madola ake kuti auluke ku Auckland. Ife tinabadwira m'mwamba, timagona m'mwamba, ngongole zathu timazembera m'mwamba momwemo, ndipo kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye ndiko lisiti lake. Chimene chikusowa ndi phokoso ndi mphepo basi, ndipo zimenezo lole yodzaza matumba a kachewere imapereka mosaumira. Munthu akakhala pamwamba pa matumbawo galimoto ikutsetsereka, mphepo imamuomba kumaso, m'mimba mumatembenuka, mtima umakwera kukhosi, ndipo amapemphera m'zilankhulo zimene sanaphunzirepo. Alendo a ku Auckland amalipira ndalama zambiri kuti amve zomwezo, chikhalirecho iwo amamangidwa lamba.

Ndi bwinonso kuti tisathamangire helikopita yeniyeni, chifukwa kuno kwathu ndegeyi ili ndi mbiri yake. Mmalawi wa kumudzi akamva kulira kwake amadziwa kuti kwagwa chimodzi mwa ziwiri: chisankho chayandikira kapena madzi asefukira. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndege zoterezi, zina zochokera kwa anansi athu, ndizo zinkafika kumene misewu ndi milatho zinakokoloka, ndipo pa ntchito imeneyo palibe choseketsa. Koma pa nthawi ya kampeni imatera pa bwalo la sukulu, n'kuulutsa fumbi, mipango ya amayi ndi madenga a zimbudzi, mwini wake n'kulonjeza msewu umene iye sanaupondepo. Tikati tibweretse helikopita yongoonetsa alendo malo, tsiku loyamba mudzi wonse udzafola pa mzere kudikira nsalu ndi ma T-shirt, ine ndili kutsogolo. Ndiye palinso nkhani ya mafuta. M'dziko limene galimoto zimagona pa mzere wa pa filing'i siteshoni, sindikuona woyendetsa ndege akutsika ndi chigubu kukanenerera kwa anyamata a mafuta a m'mbali mwa msewu.

Ena adzati palibe mlendo angawononge ndalama kuti aone Malawi ali m'mwamba. Amenewa aiwala Kauniuni. Zaka zingapo zapitazo ndege zinauluka chapansipansi m'dziko lonse lino, kupita ndi kubwerera m'mizere, zitanyamula zipangizo zounikira miyala ya pansi pa nthaka. Ntchitoyo inalipiridwa ndi thandizo la World Bank ndi European Union, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2015. Lero kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ili pa Kangankunde, ndipo ya ku Canada ya Mkango Resources yakhala zaka zambiri pa phiri la Songwe, onsewo akufuna miyala yosowa imene imalowa m'maginito a galimoto zamagetsi ndi m'mafoni. Miyala imeneyo inasiyidwa ndi moto wakale womwe uja otsutsa amati tilibe. Apa zikuonekeratu kuti alendo anayamba kale kuliyang'ana dziko lathu ali m'mwamba, ndipo amaona ndalama. Amene timaliyang'ana tili pansi n'kumaona miyala yopunthwitsa ndi ife eni ake. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti mwini mudzi azingopereka mutu.

Chitsutso chimene chimandisowetsa tulo ndi chomaliza, ndipo chimachokera kwa anthu anzeru. Iwo amati vuto si kukweza mlendo m'mwamba, vuto ndi zimene akaone akafika kumeneko. Kumwamba kumabisa zina n'kuulula zina. Maenje a mumsewu saoneka, fungo la kabichi wowola silifika, mitengo ya sopo ndi shuga simveka, n'chifukwa chake anthu obwera pa ndege amabwerera akukhulupirira kuti tonse tili pabwino. Koma dazi la mapiri athu silibisika. Mlendo adzaona mapiri ometedwa mpala, zigwembe zokumbidwa ndi madzi a mvula, ndi matumba a makala ataima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto za ku tauni. Chokhacho chomwe chingamusangalatse ndi utsi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tchire limayaka ponseponse, ndipo mlendo atha kujambula mokondwa poganiza kuti wapeza mapiri ophulika ambiri kuposa a ku Auckland, osadziwa kuti ndi anyamata akusaka mbewa. Pamenepa sindingaloze munthu chala, pakuti nsima yanga imapsa ndi makala omwewo, ndipo mbewa yootcha bwino yothira tsabola sindinaikanepo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zina mwa nyererezo ndi ine ndi inu.

Komabe chitsutso chimenechi sichikupha mfundo yanga, chikungoiuza poyambira. Katundu tili naye, ogula akudutsa kale pakhomo. Msewu wa M1 umanyamula anthu usana ndi usiku pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu ya dziko lino. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, ngoma ikugunda, zishango zili m'manja. Chakumpoto kuno kuli zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, ndipo kumunsi kwa phiri kuli Mua ndi malo ake osungirako chikhalidwe a Kungoni. Ngakhale m'mawa wa pa Mlangeni pomwepa uli ndi choonetsa, ophunzira a pa sukulu ya apolisi akamathamanga mumsewu akuimba, enafe tili m'bulangeti kuwalimbikitsa chamumtima. Chosowa ndi malo abwino oimikapo galimoto pamene chigwa chimaonekera, benchi, chimbudzi chokhala ndi chitseko, mnyamata wodziwa kutchula mayina a mapiri ndi mbiri yake, ndi mitengo yoti iphimbe manyazi athu. Zonsezi mtengo wake sufika pa phiko limodzi la helikopita.

Choncho, a mfumu, a khansala ndi inu nonse ogulitsa m'mbali mwa msewu, nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Amene ali ndi helikopita yongokhala pakhomo atidziwitse, tidzamusungira malo pa bwalo la mpira. Enafe tiyambe ndi khasu ndi mbande, ndipo anyamata a mbewa aphunzire kukumba osayatsa tchire, chifukwa palibe mlendo amene adzalipire madola kuti aone phulusa.