Pakadafunda Padajiwitsa, Ngakhale kwa Agiriki

Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa. Odysseus, mfumu ya ku Ithaca, sadaudziwe n'komwe, koma mwambiwu umamukwana ngati adachita kumuyeza kwa telala.

Ndakatulo ya Homer yotchedwa Odyssey, ya mizere yoposa 12,000, imamutamanda bamboyu kuti adazunzika zaka 10 pobwerera kwawo kuchokera kunkhondo ya ku Troy. Tiyeni tiwerengetsere. Zaka 7 adakhala pachilumba cha mayi wina, Calypso. Chaka chathunthu adathera kwa Circe, akudya nyama ndi kumwa vinyo, kwa mayi yemweyo amene adasandutsa anyamata ake nkhumba. Anyamatawo, atabwerera kuumunthu, ndiwo adachita kumukumbutsa kuti bwana, kumudzi kuliko. Zatsala zingati? Ziwiri. Ulendo wotchukawu, mbali yake yaikulu udayendedwa chokhala pansi. (Za kwa Calypso tisamunamizire: mayiyo adamugwira mokakamiza, ndipo masana Odysseus ankangolira m'mphepete mwa nyanja. Za usiku tisafunse.)

Kujiwa kwenikweni kudachitikira kuphanga la Polyphemus, chimphona cha diso limodzi. Anyamata adati titenge tchizi ndi ana a nkhosa, tithawe mwini wake asanafike. Mfumu idakana, ati tidikire, mwina atipatsa mphatso ya alendo. Adasonkha moto, adadya tchizi cha eni, n'kukhazikika. Mwini phanga atafika adadya anthu 6: awiri madzulo, awiri kadzutsa, awiri madzulo enawo. Zombo 12 zomwe Odysseus adanyamuka nazo ku Troy, palibe n'chimodzi chomwe chidafika ku Ithaca.

Odysseus wa masiku ano ali ndi foni. Atumidwa mafuta ophikira dzuwa likadali pamutu, akumana ndi bawo pansi pa mtengo wa mango, kenako mpira wa pa TV kugolosale. Mukamuimbira, yankho lake n'limodzi: "Ndili m'njira, mayi a mwana." Wina adapita ku Joni kukangopeza ya malata, nyumba yofuna malatayo idagwa kalekale, iye akadali m'njira.

Amene wasintha ndi Penelope, mkazi wa Odysseus. Wakale uja ankaluka nsalu masana n'kuimasula usiku, zaka 3, pofuna kuzengereza amuna 108 omufunsira amene ankamudyera ziweto. Wamakono alibe nthawi yoluka. Amangoona pa WhatsApp timizere tiwiri tabuluu, yankho zii, ndipo nambala ya ankhoswe adailoweza pamtima.